KAFUKUFUKU WAMSERI M'MAKAMPANI: PHUNZIRO KWA ALANGIZI A ZAULIMI

Mawu oyamba

Pa malo alionse ochitira kafukufuku pamakhala ndondomeko ya ntchito. Ndondomekoyi imanena zoti zifufuzidwe m'chaka chimenecho, ndalama zimene zaikidwa pa ntchito iliyonse, ndiponso munthu amene adzayankhe ntchitoyo ikalephereka. Komabe mbiri ya makampani akuluakulu a ku America, ku Ulaya ndi ku Japan ikusonyeza kuti zina mwa zinthu zothandiza zimene anthu akugwiritsa ntchito lero sizinali m'ndondomeko ya wina aliyense. Zinayambidwa ndi antchito amene anazifufuza mobisa, ndipo ena mwa iwo anali atauzidwa pamaso kuti aleke.

Phunziro lino likufotokoza khalidwe limeneli, zifukwa zake, phindu lake ndi malire ake. Mfundo yaikulu ndi yakuti malamulo a pa ntchito ali mitundu iwiri. Ena amateteza ndalama ndi nthawi ya bungwe, pamene ena amateteza anthu, minda ndi zamoyo. Wofufuza akazemba lamulo la mtundu woyamba, zotayika zimatheka kubwezedwa. Akazemba la mtundu wachiwiri, wolipira amakhala mlimi amene sanafunsidwe n'komwe.

Kodi kafukufuku wamseri n'chiyani?

Pa Chingerezi khalidweli amalitcha bootlegging, mawu amene poyamba ankanena za kugulitsa mowa mozemba boma, monga amachitira ophika kachasu kumene kachasu ndi woletsedwa. Mawuwa analowa m'maphunziro a kayendetsedwe ka makampani kudzera m'zolemba za Kenneth Knight m'chaka cha 1967. Pambuyo pake Peter Augsdorfer anafunsa ofufuza ndi akuluakulu awo m'makampani ambiri a ku England, France ndi Germany, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1996 m'buku lotchedwa Forbidden Fruit.

Malinga ndi maphunzirowa, kafukufuku wamseri ali ndi zizindikiro zinayi. Amayambidwa ndi wantchito wamba, osati ndi akuluakulu. Sapezeka m'ndondomeko ya ntchito. Amachitika akuluakulu asakudziwa, kapena akudziwa koma atatsinzina dala. Chomaliza, cholinga chake chimakhala kupindulitsa kampani yomweyo.

Chizindikiro chomalizachi n'chofunika kuchigwira bwino. Wantchito amene amatenga galimoto, mankhwala kapena nthawi ya bungwe n'kukachitira ganyu wake sakuchita kafukufuku wamseri; ameneyo akuba. Palinso ntchito zina zobisika zimene akuluakulu amaziloleza okha. Chitsanzo chodziwika ndi gulu la Skunk Works la kampani ya Lockheed, limene mu 1943, motsogozedwa ndi Kelly Johnson, linapanga ndege yankhondo ya XP-80 m'masiku 143 okha. Gululi linkabisika kwa anthu akunja ndi kwa antchito anzawo, koma eni kampani ankalidziwa ndipo ankalipatsa ndalama. Ntchito yotere siili m'gulu limene phunziro lino likunena.

Chimachititsa n'chiyani?

Muzu wa nkhaniyi uli m'kapemphedwe ka chilolezo. Kuti ganizo lipatsidwe ndalama, mwini wake amafunsidwa umboni wakuti litheka ndiponso kuti lidzabweza phindu. Koma ganizo likakhala latsopano kwenikweni, umboniwo sungapezeke ntchito isanayesedwe, ndipo ntchitoyo singayesedwe chilolezo chisanaperekedwe. Wofufuza amapezeka ali pakati pa zitseko ziwiri, chilichonse chikudikira chinzake kuti chiyambe kutseguka. Ambiri amangolisiya ganizolo. Owerengeka amasankha kukapeza umboniwo mwakachetechete, kuti pokaonekera kwa akuluakulu akhale atanyamula chinthu chogwirika.

Pali zifukwa zinanso. Ndondomeko imalembedwa kamodzi pa chaka, pamene maganizo abwino sadikira mwezi wa bajeti. Akuluakulu amayeza ganizo potengera msika umene akuudziwa, pamene wantchito amene amakumana ndi ogula tsiku ndi tsiku amaona chosowa chimene sichinalembedwe paliponse. Komanso ganizo likadali lanthete silichedwa kuphedwa pa msonkhano, pakuti mafunso ake amakhala ochuluka kuposa mayankho. Mlimi safesera fodya wake pamtetete. Amayamba wamulera pa nazale mpaka mbande zitalimba. Ofufuza ambiri amaona ntchito yawo yamseri ngati nazale yotero.

Zitsanzo zinayi za m'makampani

*Richard Drew ku 3M.* Kampani ya 3M ya mu mzinda wa St. Paul ku America inkapanga mapepala okhulira matabwa ndi zitsulo. Drew, amene anali wachinyamata wothandiza m'chipinda choyesera zinthu, ankapita ndi mapepalawo m'magalaja. Kumeneko anaona opaka penti akuvutika polekanitsa mitundu iwiri pa galimoto imodzi, chifukwa zomatira zimene ankatchingira mbali ina zinkasupula penti pozichotsa. Anayamba kufufuza tepi yomata pang'ono. Ntchito itatenga nthawi yaitali, William McKnight, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, anamuuza kuti abwerere ku ntchito imene analembedwera. Drew anapitiriza, ndipo tepi yake inatuluka mu 1925. Zimanenedwanso kuti atakanizidwa ndalama zogulira makina ena, iye anagula zipangizo zake pang'onopang'ono pa mtengo wa madola 99 ulendo uliwonse, popeza anali ndi mphamvu yovomereza yekha chinthu chosafika madola 100. McKnight atadziwa sanamulange. Kuyambira mu 1948 kampaniyo inayamba kulola ofufuza ake kugwiritsa ntchito magawo 15 pa 100 alionse a nthawi yawo pa maganizo awoawo. Mwa njira imeneyi, guluu wosamata kwambiri amene Spencer Silver anapeza mu 1968 anadzasanduka timapepala ta Post-it, m'manja mwa Art Fry, timene tinafika pa msika wonse wa America mu 1980.

*Chuck House ku Hewlett-Packard.* M'zaka za m'ma 1960 House ankapanga sikirini yaikulu yoonetsera zoyezedwa ndi makina. Oona za malonda anati ogula adzakhala ochepa, ndipo David Packard, mmodzi wa eni kampani, analamula kuti pobweranso chaka chotsatira asadzaipeze m'chipinda chofufuzira. House anali atanyamula kale sikiriniyo pa nthawi ya tchuti chake n'kukaionetsa kwa anthu amene akanaigula, ndipo ankadziwa kuti ambiri akuifuna. Iye ndi anzake anafulumiza ntchito kotero kuti Packard pobwera anapeza sikiriniyo yachokadi m'chipinda chofufuzira, koma ili m'fakitale, ikupangidwa. Zinagulitsidwa zoposa 17,000. Mu 1982 Packard yemweyo anampatsa House mendulo yomuyamikira chifukwa cha kusamvera kwakeko.

*Gary Starkweather ku Xerox.* Mu 1969 Starkweather anaganiza zogwiritsa ntchito kuwala kwa laser posindikiza zolembedwa mu kompyuta. Bwana wake wa ku Webster, m'chigawo cha New York, anaona ngati n'kutaya nthawi ndipo anamuletsa. Iye anapitiriza mobisa kufikira mu 1971, pamene anasamutsidwira ku malo atsopano ofufuzira a kampaniyo ku Palo Alto, kumene ntchito yake inalandiridwa. Makina a Xerox 9700 anatuluka mu 1977, ndipo malonda a makina osindikizira a mtundu umenewu anadzakhala amodzi mwa opindulitsa kwambiri pa kampaniyo.

*Shuji Nakamura ku Nichia.* Nichia inali kampani yaing'ono ya mankhwala a m'mafakitale ya mu mzinda wa Anan ku Japan. Mu 1988 mwini wake, Nobuo Ogawa, analola Nakamura kufufuza nyale ya LED yowala mtundu wa buluu, chinthu chimene makampani akuluakulu anali atachilephera kwa zaka zambiri. Nakamura anasankha mankhwala a gallium nitride, amene ofufuza ambiri anali atawataya. Utsogoleri wa kampani utasintha, malinga ndi kufotokoza kwa Nakamura mwini, anayamba kulandira makalata omulamula kuti aleke, ndipo iye ankangowataya. Mu 1993 Nichia inalengeza nyale yowala kwambiri ya buluu. Kuchokera ku nyale imeneyi kunabadwa nyale yoyera ya LED, imene lero ikuwala m'matochi, m'mafoni ndi m'nyale za sola m'midzi ya chigawo chino. Mu 2014 Nakamura analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano.

Nkhani yake ili ndi mbali yowawa. Kampani inampatsa ndalama zokwana mayeni 20,000 okha chifukwa cha luso limene linali pa mtima wa ntchitoyo. Anachoka mu 1999, ndipo mu 2001 anakasuma. Mu 2004 khoti la ku Tokyo linagamula kuti apatsidwe mayeni 20 biliyoni, koma kampani itachita apilo, mbali ziwirizi zinagwirizana mu 2005 pa mayeni pafupifupi 840 miliyoni. Ntchito imene inayenda popanda mgwirizano womveka inathera m'khoti, pakuti funso la mwini wa chipatso silinayankhidwe mtengo usanabale.

Zimene ofufuza apeza

Nkhani zinayizi zikhoza kusocheretsa. Mlenje pobwera ku uzimba amasimba za nyama imene wapha, ndipo za mivi imene inagwera pa tchire samazitchula. Ntchito zamseri zimene zinalephera sizilembedwa, popeza eni ake anazibisa kuyambira pa chiyambi. Choncho palibe chifukwa choganizira kuti aliyense wokana kumvera bwana ali ndi nzeru za Nakamura.

Augsdorfer anapeza kuti kafukufuku wamseri amachitika m'makampani ambiri, koma ochita ake amakhala ochepa pakati pa antchito onse. Ntchito zawo zambiri zimakhala zazing'ono: kuyesa ngati ganizo lingatheke, kukonza chida chimene chilipo kale, kapena kupitiriza pang'ono ntchito imene inatsekedwa isanathe. Zimadya ndalama zochepa, zimachitika pa nthawi yotsala, ndipo zambiri zimagwirizana ndi zolinga za kampani. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo. Mu 2014 Paola Criscuolo, Ammon Salter ndi Anne Ter Wal anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita pa kampani ina yaikulu. Anapeza kuti ofufuza ochita ntchito zamseri kawirikawiri ankapambana anzawo pa kutulukira zatsopano, koma phindu limeneli linkadalira malo: kumene malamulo ankakhwimitsidwa, wochita zamseri sankapindula nazo kwenikweni.

Pa zitsanzo zonse zapamwambazi pali chinthu chimodzi chofanana. Ntchito ikanalephera, chotayika chikanakhala ndalama za kampani ndi mbiri ya wofufuzayo. Panalibe munthu wakunja amene akanagona ndi njala chifukwa tepi ya Drew yakana kumata.

Chitsanzo cha pa ulimi: Norman Borlaug

Ulimi ulinso ndi nkhani yake ya wofufuza wolimbana ndi akuluakulu, ngakhale kuti inachitikira m'bungwe lothandiza anthu osati m'kampani. Mu 1944 Norman Borlaug anapita ku Mexico kukagwira ntchito imene boma la dzikolo linkayendetsa mogwirizana ndi Rockefeller Foundation. Tirigu wa kumeneko ankaonongeka ndi matenda a dzimbiri, ndipo kupeza mbewu yopirira kunkatenga zaka zambiri chifukwa ankabzala kamodzi pa chaka. Borlaug anaganiza zobzala kawiri: m'nyengo yotentha ku mapiri a pafupi ndi Mexico City, ndipo m'nyengo yozizira ku chigwa cha Yaqui ku Sonora, mtunda wa makilomita oposa 1,000 kumpoto.

Mkulu wa ntchitoyo, George Harrar, anakana. Ulendowo unali wodula, ndipo chiphunzitso cha masiku amenewo chinkati mbewu iyenera kusankhidwira kumalo kumene idzalimidwe. Mkangano unakula mpaka mu 1948 Borlaug ananena kuti akusiya ntchito. Mphunzitsi wake wakale, Elvin Stakman, analowererapo, ndipo Harrar anavomera. Njirayi inadula pakati nthawi yopezera mbewu yatsopano. Inabweretsanso phindu limene palibe analiyembekeza: mbewu zopirira malo awiri osiyanawo zinapezeka kuti sizisamala kutalika kwa usana, motero zinatha kulimidwa m'maiko ambiri. Pofika mu 1956 Mexico inkadzidalira pa tirigu. Ntchito imeneyi ndiyo inabala bungwe la CIMMYT, limene alangizi ambiri m'chigawo chino amalidziwa chifukwa cha mbewu za chimanga, ndipo Borlaug analandira mphotho ya Nobel ya mtendere mu 1970.

Chophunzirapo n'chakuti Borlaug anamenya nkhondo yake poyera. Anaika pa chiswe ntchito yake ya iye mwini, ndipo chimene ankatsutsa chinali ndondomeko ndi bajeti. Nkhaniyo inatha ndi chilolezo, kotero kuti zotsatira zake zinalembedwa, zinayesedwa ndi anthu ena, ndipo zinakhala chuma cha onse.

Malire: pamene chinsinsi chisanduka ngozi

Wofufuza za ulimi amagwira zinthu zamoyo, ndipo chamoyo chimaberekana, chimauluka, chimatengedwa ndi mphepo ndi madzi. Makina olakwika amazimitsidwa, koma kachirombo kakatuluka sikaitanidwa kuti kabwerere. Madzi akatayika saoleka.

Kampani ya Advanced Genetic Sciences ya ku California inkapanga mabakiteriya osinthidwa chibadwa oti aziteteza mbewu ku chisanu. Mu 1985 antchito ake anabaya mabakiteriyawo m'mitengo imene inali pa denga la nyumba yawo ku Oakland, panja, asanalandire chilolezo choyesera kunja kwa chipinda chotsekedwa. Nkhani itaululika mu 1986, bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA linaimitsa chilolezo chimene linali litapereka kale ndipo linalamula chindapusa cha madola 20,000. Kuyesa kovomerezeka, pa munda wa masitiroberi, kunachedwa mpaka mu 1987, ndipo kunachitika anthu ambiri atataya kale chikhulupiriro. M'chaka chomwecho Gary Strobel wa pa Montana State University anabaya mabakiteriya osinthidwa m'mitengo 14 ya mtundu wa elm popanda chilolezo, pofuna kuthana ndi matenda a mitengoyo. Zitadziwika, anaidula yekha mitengoyo ndipo inatenthedwa. Pa nkhani ziwirizi sipanaoneke kuonongeka kwa chilengedwe, koma ofufuzawo analibe ufulu wosankhira anthu ena ngozi yoti akhale nayo pafupi, ndipo njira yachidule inatalikitsa ulendo.

Chigawo chino chikudziwa mtengo wa mbewu yoyenda yosapimidwa. Kodikodi wa chinangwa anaonekera koyamba mu Africa mu 1973, m'maiko awiri a Congo. Kwawo ndi ku South America, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti anabwera pa mitengo ya chinangwa yodzabzala. M'zaka za m'ma 1980 anafika ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, ndipo mabanja a ku Nkhata Bay, amene chakudya chawo ndi kondowole, anaona njala. Panafunika ntchito ya zaka zambiri ya bungwe la IITA, motsogozedwa ndi Hans Herren, kuti kachirombo kofanana ndi mavu kochokera ku Paraguay kapezeke, kapimidwe, kachulukitsidwe ndi kumwazidwa m'maiko ambiri. Chisaka cha nthochi nachonso chimayenda ulendo wautali kudzera mu mphukira zimene anthu amapatsana mwa ubwino. Amene ananyamula mitengo yoyamba ija mwina anali ndi cholinga chabwino, koma kachirombo sikafunsa cholinga.

Apa ndi pamene mlangizi wogwira ntchito pafupi ndi malire a dziko ayenera kusamala. Mnzake wa tsidya lina akhoza kumutamandira mbewu ya chinangwa, mbatata kapena nthochi imene ikuchita bwino kwawo, ndipo kuika timitengo tingapo m'chikwama kumaoneka ngati chinthu chaching'ono. Chimodzimodzinso kuyesa mankhwala ophera tizirombo amene sanalembetsedwe m'dziko lake, kusakaniza mankhwala awiri, kapena kupitirira mlingo wolembedwa pa botolo. Zimenezi sizifanana ndi zimene anachita Drew kapena House, pakuti ngozi yake imagwera mlimi, banja lake, ogula zokolola ndi minda yoyandikana nayo.

Mafunso asanu oyezera ganizo

Mlangizi kapena wofufuza amene ali ndi ganizo losapezeka m'ndondomeko angadziyeze ndi mafunso awa:

1. *Ganizoli likalephera, ataye ndani?* Ngati wotaya ndi iye mwini, pa nthawi yake yotsala, ngozi ndi yochepa. Ngati ndi mlimi, mlimiyo ayenera kuuzidwa momveka kuti uku n'kuyesa chabe, ndipo ndime yoyeserapo ikhale yaing'ono kotero kuti nkhokwe ya banja siidalira pamenepo.

2. *Kodi zingabwezedwe?* Kusintha katalikiridwe ka mapando, nthawi yobzala kapena kaphatikizidwe ka mbewu zodziwika kale kumatha ndi nyengo imodzi. Kulowetsa mbewu, dothi, nsomba kapena kachirombo kachilendo sikutha.

3. *Ndi lamulo liti likulumphidwa?* Malamulo a kupima mbewu pa chipata cha dziko, a kalembera wa mankhwala, a mbewu zosinthidwa chibadwa ndi a kuvomereza mbewu zatsopano salumphidwa pa chifukwa chilichonse. Mbewu yochokera kunja ili ndi njira yake: chilolezo choitanitsira, chikalata chotsimikiza kuti ilibe matenda, ndi malo oisungira kufikira itapimidwa.

4. *Kodi zikulembedwa?* Kuyesa kopanda tsiku lobzala, mlingo, kukula kwa ndime, ndime ina yofananitsira ndi kulemera kwa zokolola sikuphunzitsa aliyense. Ntchito yobisika imasowa maso a anzake oti aone zolakwa, choncho zolemba zake ziyenera kukhala zosamalika koposa. Zolephera zilembedwenso.

5. *Zidzaululidwa liti?* Tsiku lokaonetsa akuluakulu likhazikitsidwe ntchito isanayambe, ndipo lisapitirire nyengo imodzi. Chimene sichinayesedwe m'malo angapo ndi kuvomerezedwa chisaperekedwe kwa alimi ngati uphungu wa boma kapena wa bungwe.

Udindo wa akuluakulu

Kuchuluka kwa ntchito zamseri pa malo ndi chizindikiro chakuti khomo la maganizo atsopano lapanikiza. Mkulu wanzeru sayamba ndi kusaka olakwa. Amayamba wafunsa chifukwa chake antchito ake akuopa kubwera kwa iye. Makampani amene anapindula ndi khalidweli anachita zinthu zimene malo ofufuzira za ulimi ndi maofesi a alangizi angathe kutengera popanda ndalama zambiri.

Choyamba ndi kupatula kagawo ka nthawi, ka munda ndi ka zipangizo koti wantchito ayeserepo ganizo lake popanda kulemba pempho lalitali, monga inachitira 3M. Chachiwiri ndi kukhala ndi msonkhano, ngakhale kamodzi pa chaka pambuyo pa kukolola, umene aliyense angafotokozepo zimene anayesa popanda kuopa chilango, kuphatikizapo zimene zinakanika. Chachitatu ndi kupereka khomo lachiwiri, kuti ganizo lokanidwa ndi bwana mmodzi lithe kumvedwa ndi wina. Starkweather anapulumuka chifukwa kunali Palo Alto, ndipo Borlaug chifukwa kunali Stakman. Chachinayi ndi kunena poyera, ntchito isanabale, za mmene wotulukira chinthu adzatchulidwire ndi kuyamikidwa, kuti za ku Nichia zisabwerezedwe. Chachisanu ndi kulemba mwachidule malamulo owerengeka amene sakambirana, ndi kufotokoza chifukwa cha lililonse. Pamene malamulo onse, aakulu ndi aang'ono, akhwimitsidwa mofanana, antchito amazolowera kuwazemba onse mofanana, ndipo tsiku lina amazemba limene linkatchinga mliri.

Alangizi ali ndi mwayi umene ofufuza ambiri a m'makampani alibe. Amakhala pakati pa alimi, amene mwa chikhalidwe chawo ndi oyesa zinthu, ndipo amaona msanga pamene uphungu wolembedwa sukugwirizana ndi dothi la m'dera. Nzeru imeneyi ikangokhala m'kabuku ka mlangizi mmodzi imatha naye tsiku limene wasamutsidwa. Ikafika ku malo ofufuzira, n'kuyesedwa ndi kutsimikizidwa, imaoloka malire a maiko mwa njira yoyenera. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi kafukufuku wamseri amasiyana bwanji ndi kugwiritsa ntchito katundu wa bungwe pa zofuna za munthu mwini?

2. Pa nkhani ya Nakamura ndi ya Advanced Genetic Sciences, ndani akanataya ntchito ikanalakwika? Kusiyana kumeneku kukuphunzitsa chiyani?

3. Mlangizi walandira kuchokera kwa mnzake wa dziko loyandikana nalo uthenga wa mbewu ya mbatata yobereka kwambiri. Ndi njira ziti zimene ayenera kutsata kuti mbewuyo ifike kwa alimi ake?

4. Ndi malamulo ati a pa ntchito ya ulangizi amene amateteza ndalama ndi nthawi, ndipo ndi ati amene amateteza anthu ndi minda? Gulu lilembe mndandanda wa mitundu iwiriyi.

5. Kodi pa ofesi kapena pa malo ofufuzira a m'dera pali khomo limene wantchito wamng'ono angafikitsirepo ganizo lake? Ngati palibe, lingatsegulidwe bwanji nyengo yobzala isanafike?